Mapanga Awiri a Mwana wa Mlongo Wanga

Makolo athu, amene sanaonepo jimu ngakhale kumva mbiri yake, koma amene ankaudziwa bwino msana wa munthu ndi polekezera pake, anatisiyira mawu akuti mapanga awiri avumbwitsa. Ndipo ine, ngakhale ndinawamva mawuwa ndili kamnyamata kwathu ku Dowa, sindinawaone akuyenda ndi miyendo iwiri kufikira chaka chino, pamene mwana wa mlongo wanga, mnyamata wofatsa amene ndikumusunga kuno ku Kawale, anatsimikiza mumtima mwake kuti adzakhala Samisoni.

Ntchito yake ndi yotsitsa simenti m'malole cha ku Malangalanga. Thumba lililonse limalemera makilogalamu 50, ndipo kuyambira m'mamawa kufikira dzuwa litapendeka amakhala akusenza limodzi ndi linzake, kotero kuti pofika pakhomo amakhala ali mbuu, ngati munthu amene wagona m'chigayo. Wina aliyense akadasamba, nadya, nathokoza Chauta, nagona. Iye ayi. Amangopapira madzi, navala kamalaya kopanda manja, nathamangira kuseri kwa nyumba ina, kumene anyamata anzake anathira simenti m'zitini za penti, napisa chitsulo cha galimoto yakufa pakati pake. Ndipo kumeneko, mwa kufuna kwake, amanyamulanso simenti yomwe ija, kusiyana kwake kuli kokha kwakuti masana amamulipira, pamene madzulo wolipira ndi iye.

Tsiku lina ndinamuitana pakhonde. "Kodi iwe, simenti ya masana ija inakulakwira chiyani kuti usamaiwerengere?"

"Atsibweni," anatero atanjuta, pakuti ulemu ali nawo, "ija ndi ntchito, iyi ndi yokuza thupi. Taonani madala aja timagwira nawo: akhala akusenza matumba ine ndisanabadwe, koma manja awo ngati nsungwi."

Ndiyenera kuvomera kuti pamenepo mwanayo sananame. Agiriki akale ankasimba za katswiri wina wogwetsana, dzina lake Milo wa ku Croton, amene ankasenza mwana wang'ombe tsiku ndi tsiku, ndipo pamene nyamayo inkakula, mphamvu zake nazo zinkakula, kufikira anasenza nkhunzi yathunthu. Tsoka la wonyamula simenti ndi lakuti thumba silikula. Lero ndi 50, mawa ndi 50, ndipo thupi la munthu, lomwe ndi kapitawo woumira kuposa onse amene ndinawaona, limaumba nyama yongokwanira katundu amene lazolowera, osaonjezapo ngakhale kadontho. Nchifukwa chake onyamula zitsulo amaonjezera kulemera pang'onopang'ono.

Komatu chimene mnyamatayo sanachimve, kapena anachimva nachitaya m'njira, nchakuti minofu sikula pa nthawi imene munthu akubuula pansi pa chitsulo. Pamenepo imangotopa ndi kuvulala pang'ono. Kukula kwake kumachitika pamphasa, mwini wake ali mtulo, ndiponso imafuna kupuma ngati masiku awiri isanazunzidwenso. Tsono iye ankadzuka tambala woyamba, nagona usiku utapita, ndipo msana umene wautopetsa madzulo ndi womwewo umene lole ikuudikira m'mawa.

Nanga za chakudya ndinene chiyani? Odziwa za thupi amati wofuna kukuza minofu adye pafupifupi magalamu 1.6 a zakudya zomanga thupi, zija azitcha mapuloteni, pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake, tsiku lililonse. Mnyamatayo amalemera makilogalamu 65, ndiye kuti afunika magalamu opitirira pang'ono 100. Ndipo popeza dzira limodzi lili ndi magalamu ngati 6, tinapeza kuti akadati adalire mazira okha, akadafunika 17. Mayi a kunyumba atamva chiwerengerocho sanayankhe kanthu. Anangotembenuka nayang'ana nkhuku zathu zitatu, nazonso zinawayang'ana. Pamene mnyamatayo, masana ankadya chinangwa chootcha ndi madzi a shuga, namayembekezera chifuwa cha Goliati. Ngakhale Farao, pouza ana a Israyeli kuti aumbe njerwa osawapatsa udzu, anawalola kukautola okha. Mnyamata uyu thupi lake sanalipatse ndi mpata womwewo.

Mvula inamupeza pakati pa mapanga ake patapita miyezi itatu. Kuntchito miyendo inayamba kunjenjemera dzuwa lisanafike pamutu, thumba lina linamupulumuka n'kung'ambika, ndipo mwini sitolo anamudula malipiro. Kuseri kwa nyumba kuja, zitini zimene ankazikweza kakhumi zinayamba kukana pa kachisanu. Potsiriza anabwereka chingwe choyezera kwa telala woyandikana nafe, nachikulunga pamkono pake, nachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka nanena motsitsa kuti chingwecho chiyenera kuti chinatamuka. Telalayo, munthu woopa Mulungu, sanamutsutse.

Sindinamuuze kuti asiye, pakuti chimene mwana wachikonda sungachizule ndi mawu, ndiponso ndi bwino kuti azikabuula ndi zitini kusiyana ndi kukaimba m'mashabini. Tinangopangana kuti azipita kawiri pa sabata, Lachitatu ndi Loweruka, popeza Lamulungu kulibe lole. Kuti azikweza zolemera pang'ono chabe nabwerako mphamvu zikadalipo. Kuti azigona maola asanu ndi atatu. Ndi kuti nsima yake iziyenda ndi nyemba, usipa, masoya ndi nsinjiro zosaumira.

Panganoli walisunga ndi mtima wonse, makamaka ndime yotsirizayo. Mkono wake tsopano ukudzaza malaya, ndipo telala wamukhululukira. Dzulo madzulo, nditavundukula mbale yanga ya ndiwo, ndinapezamo mitu inayi ya usipa ikusambira mumsuzi; ndipo m'mawa uno, pomanga lamba, ndapita kukabwereka msomali kuti ndibowolepo bowo lina.