Mike Tyson pa sikelo

Mkangano wa ukatswiri wa Mike Tyson pa nkhonya uli ndi mbali ziwiri, ndipo zonse zimayankhula mokuwa. Omutama amayambira mu 1986, pamene anagwetsa Trevor Berbick n'kutenga lamba wa heavyweight ali ndi zaka 20 zokha. Amatchulanso Michael Spinks, yemwe mu 1988 anatha m'masekondi 91. Wochedwa kupeza mpando anangotsala ndi tikiti m'manja.

Otsutsa amati mbiriyi ndi yokokomeza. Spinks anachokera m'gulu la opepukirapo, Larry Holmes, yemwenso Tyson anamugwetsa, anali ndi zaka 38. Ku Tokyo mu 1990, Buster Douglas, yemwe anthu sankamuwerengera n'komwe, anamugwetsa m'raundi ya 10, Tyson n'kumakwawa kufunafuna choteteza mano ngati munthu wotaya makobidi pamsika. Evander Holyfield anamugonjetsa mu 1996. Chaka chotsatira Tyson ataona kuti manja alephera, ntchito anaipereka kwa mano, kachidutswa ka khutu la Holyfield n'kugwera pansi. Lennox Lewis naye anamugoneka Tyson mu 2002.

Omutama amayankha kuti womenyedwayo sanali Tyson weniweni, weniweniyo anatsalira mu 1988. Otsutsa nawo zawozo amanenera patali.