Za galimoto mukufuna ija

Okondedwa achimwene,

Ine kuno ndikupuma, kungoti chisanu cha ku Joni sichiona nkhope.

Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndaumva. Mukuti ndikupezereni galimoto yotchipa koma yoti anthu a pa Lunzu azitembenuka, ndipo chithunzi mwatumizacho ndi cha Ford Kuga yakale. Achimwene, dzina limeneli kuno lili ndi mbiri. Ma Kuga a injini ya 1.6 ankangoyaka pamsewu, anthu n'kumajambula pa foni. Madzi oziziritsa injini sankayenda bwino, injini n'kutentha mpaka kung'ambika kumutu, oyilo n'kumadonthera pa zitsulo zamoto. Mu Januwale 2017 kampani inaitanitsa ma Kuga 4,556 kuti iwakonze, ndipo mu 2019 bungwe loteteza ogula la National Consumer Commission linaitchaja chindapusa cha R35 miliyoni. Ambiri anakonzedwa, inde, koma yotchipa mwaionayo ndani angalumbire?

Kuno amatero. Galimoto ikapezeka ndi chilema chochokera kufakitale, eni kampani amakuitana okha, n'kukonza ulere. Ya abwana anga, ya mtundu wina, inaitanidwa chifukwa paipi ya petulo inkakhulana ndi kachitsulo, moti tsiku lina ikanabooka. Anasintha paipiyo osalipiritsa ngakhale landi imodzi, n'kutipatsanso khofi. Ndinamwa makapu awiri ndili wodabwa. Kampani kuvomera yokha kuti inalakwitsa! Makaniko wanu uja akaononga chinthu amati vuto ndi phazi la dalaivala.

Chovuta n'chakuti uthenga woitanawo umapita kwa amene ali m'mabuku awo. Galimoto yoti yadutsa m'manja anayi, yaoloka Beitbridge, Nyamapanda mpaka Mwanza, aitsatira bwanji? Adilesi yanu paja ndi "kuseri kwa chigayo, funsani ana."

Komanso ndimakudziwani. Mukamva fungo la petulo mudzatuma mwana kukagula sopo womatira thanki, paipi n'kuimanga ndi legeni. Mafuta akasowa, mudzadzaza zigubu zitatu m'buti. Pampando wakumbuyo padzakhala amalume ndi chingambwe chawo chosazima chija, akulongosola za malire a munda. Petulo safuna lawi lalikulu, nthunzi yake yokha ikakumana ndi kamoto, basi, nkhani ya mundayo yathera pomwepo.

Ndiye musandithamangitse. Iliyonse ndingaione, ndiyamba ndakopera nambala ya chasisi, ija ya zilembo ndi manambala 17, n'kukafunsa kwa ogulitsa mtundu umenewo ngati inaitanidwapo komanso ngati mwini wake anaipititsadi.

Za ndalama mwatumiza zija, ndawerengera kawiri. Zikukwana matayala awiri ndi chozimitsira moto chimodzi. Ndayamba ndi chozimitsiracho, chikubwera pa basi ya Lachinayi pamodzi ndi bulangete la amayi. Kondakitala mukam'patseko usipa wanga.

Ndine mng'ono wanu,
ku Joni