Momwe Mungathandizire Ana 120 Kudziyesa Okha Belu Lisanalire

Aphunzitsi, mwabwerako ku maphunziro aja a ku TDC. Fanta mwamwa, alawansi mwasainira, ndipo m'chikwama mwanu muli chipepala chonena kuti tsopano ophunzira azidziyesa okha kuti aone ngati akumvetsa. Mtima m'malo. Ntchito imeneyi ife tinaiyamba akatswiri asanaiganizire n'komwe, ndipo chida chathu chachikulu ndi funso lija lakuti, "Mwamva?" Chiyambire sukulu m'dziko muno, sinapezekepo kalasi yomwe inayankha kuti ayi.

Ndiye lamulo loyamba n'lakuti chida chimenechi muchisamale. Funsani mokweza, dasitala ili kale m'manja, maso ali pakhomo. Ana akayankha "Eee" wofooka, afunseni ngati sanadye kwawo. Akakuwa mpaka a Sitandade 6 atamva, tsegulani lesoni pulani, pamalo paja pofotokozapo mmene phunziro layendera, mulembe kuti ophunzira ambiri amvetsa. Musayerekeze kusuzumira m'kope la kamtsikana kokhala pakona kaja. Kakuwa kuposa onse, koma chomwe kalemba ndi deti yokha.

Nkhaniyi ili ndi eni ake. Mu 1998, Paul Black ndi Dylan Wiliam a ku King's College London anaunika kafukufuku wochuluka n'kupeza kuti ana amapita patsogolo kwambiri mphunzitsi akamagwiritsa ntchito timayeso ta tsiku ndi tsiku posintha kaphunzitsidwe kake, ndipo opindula koposa ndi ana otsalira. Anati mwana azidziwa kumene akupita, pamene wafika, ndi choti achite kuti akafike. Kwathu kuno ganizo loyesa ana mosalekeza linazika mizu ndi silabasi ya PCAR, yokonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, yomwe inayamba kulowa m'makalasi mu 2007. Nzeru yake ilibe banga. Koma boma limati mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, ndipo chiyambire sukulu yaulere mu 1994, pamene ana a pulayimale anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, aliyense wophunzitsa Sitandade 1 kapena 2 akudziwa kuti 60 nthawi zambiri ndi theka chabe la kalasi.

Tsono tiyeni ku maloboti, chida chokondedwa ndi ophunzitsa aphunzitsi onse. Mwana aliyense amakhala ndi makapu atatu pa desiki: wobiriwira ngati wamvetsa, wachikasu ngati akukayika, wofiira ngati wasokonezeka. Inu mumangoponya maso n'kudziwa wofunika thandizo. Ana 120 afunika makapu 360, ndipo mugule ndi malipiro anu poti uphunzitsi ndi maitanidwe. Desiki palibe, ndiye makapuwo aikidwe pansi pakati pa miyendo, pomwe simungawaone. Ikakwana nthawi ya phala musadabwe kuona wamvetsa, wakayika ndi wasokonezeka onse ali pamzere kwa amayi ophika aja. Musanayambe, patulani sabata yofotokozera mwana amene sanafikeko ku Lilongwe kapena ku Blantyre kuti maloboti n'chiyani. Musamuuze kuti akadzafika m'tauni adzawapeza atazima, kapena adzaona minibasi ikudutsa pofiira kondakitala akuitanira.

Makapu akakukanikani, kumbukirani TALULAR: gwiritsani ntchito zopezeka pafupi. Tsamba laliwisi likhale "ndamva", louma likhale "sindinamve". Mu Febuluwale kalasi yonse idzakhala ya anzeru. Mu Okutobala omvetsa adzakhala okhawo amene panjira yawo pali mtengo wa mango.

Palinso njira ya chala chachikulu: m'mwamba ngati wamva, pansi ngati sunamve. Iyi ndi yaulere, ndipo ubwino wake ndi woti imakuuzani molondola maganizo a mwana mmodzi, uja amakhala nambala wani. Ena onse amayamba ayang'ana chala chake kenako n'kukweza chawo. Ngakhale asaonere, musayembekezere zambiri. Mu 1999, Justin Kruger ndi David Dunning a ku Cornell University anapeza kuti ophunzira amene anakhoza pang'ono zedi, oposa anzawo 12 okha pa 100 alionse, ankadziyesa kuti aposa 62. Amenewo anali a ku yunivesite. Inu mukufunsa mwana wa zaka 7 amene amakhulupirira ndi mtima wonse kuti atha kuthamanga kuposa njinga ya kabaza.

Zida zina tingozidutsa. "Nyenyezi ziwiri ndi khumbo limodzi", pomwe mwana amatchula ziwiri zimene wachita bwino ndi chimodzi chofuna kukonza: khumbolo lidzakhala nsapato. Katikiti kotulukira, kapepala kamene mwana amalembapo zimene waphunzira n'kupereka pakhomo: kalasi ya pansi pa mtengo ilibe khomo. Tchati cha KWL chomwe Donna Ogle anayambitsa mu 1986, cha mizere itatu ya zomwe ndikudziwa, zomwe ndikufuna kudziwa ndi zomwe ndaphunzira, n'chabwino kwa amene akutha kulemba. Faelo yosungiramo ntchito za mwana aliyense, chiswe chikuthokozeranitu. Za Kahoot! ndi Google Forms tidzakambirana bandulo ikadzatsika mtengo.

Lamulo lofunika kwambiri nali. Auzeni ana kuti malikisi amene adzipatse okha alowa pa lipoti la kumapeto kwa teremu. Mudzaona zozizwitsa: kalasi yonse 10 pa 10, kuphatikizapo amene anajomba. Ofufuza za nkhaniyi, monga Heidi Andrade wa ku America, akhala akuchenjeza kuti kudziyesa kumathandiza ngati cholinga n'choti mwana akonze ntchito yake, koma kukangosanduka malikisi, chilungamo chimathawa. Inu musamvere zimenezo. Tsiku lotsekera sukulu imani pabwalo pamaso pa makolo, muwerenge mapozishoni kuyambira woyamba mpaka wotsiriza, wotsirizayo anzake amuwowoze. Kunyumba palibe amene adzamufunse kuti, "Waphunzira chiyani teremu ino?" Funso ndi limodzi: "Wakhala nambala chani?" Ndipo a MANEB pa mayeso a Sitandade 8 sadzafuna kumva kuti iye amadziona bwanji. Teremu yotsatira mumupatse kapepala ka nkhope zitatu, yosekerera, yachete ndi yolira, mumuuze kuti achonge moona mtima.

Apa ndiye pamandinyansa, ndipo sindikuseka. Mwana amene wanenapo kuti "sindinamve" anzake n'kumuseka, mphunzitsi n'kumufunsa kuti makutu anawasiya kuti, sadzanenanso. Angachonge nkhope yolira bwanji? Ndipo akalimba mtima n'kuichonga, mawa lake phunziro n'kupitirira ngati palibe chachitika chifukwa sikimu ikuti sabata ino tikhale pa mutu wina, waphunzira kuti kunena zoona kulibe phindu. Tikufuna mwana aulule kufooka kwake m'nyumba imene kufooka kumalangidwa, kenako tikumudabwa akamanama.

Koma tibwerere ku malangizo. Mukamva kuti a PEA akubwera, musavutitse ana. Tengani mapepala onse 120 kunyumba, muwadzaze nokha usiku ndi tochi ya foni. Muzisintha bolopeni, ena mulembe ndi dzanja lamanzere, ndipo pa mapepala khumi alionse chongani nkhope yolira imodzi kuti zioneke zenizeni. Faelo ikhale yaukhondo pa tebulo, ndi dzina lolembedwa bwino pachikuto.

Chenjeraninso ndi aphunzitsi ena amene akuwononga mbiri ya ntchitoyi pochita zinthu zosaoneka m'faelo. Ndamva kuti pophunzitsa kalata amalemba pabolodi zinthu zitatu zokha, keyala, deti ndi malonje, n'kuuza mwana aliyense kuti aloze ndi chala pamene zili m'kope lake, ndipo chosowacho achilembe pomwepo. Amaonetsa makalata awiri, yabwino ndi yosalongosoka, ana n'kumatsutsana kuti yabwino ndi iti ndipo chifukwa chiyani, kenako aliyense n'kuyerekeza ndi yake. Pofunsa amene sanamve, amayamba auza kalasi yonse kuti itsinzine. M'malo mwa "Mwamva?" amapereka samu imodzi, onse alembe yankho pa sileti kapena pa dothi, iwo n'kuyenda kuona. Amafunsa kuti, "Pavuta ndi pati?" ndipo woyamba kuyankha amamuombetsera m'manja ngati wakhoza. Choipitsitsa, akaona kuti theka la kalasi lasochera, mawa lake amabwereza phunzirolo, sikimu n'kutsalira. Zonsezi sizifuna ndalama, sizifuna kusainira, ndipo palibe chomwe mlendo angachijambule n'kuika mu lipoti. Musawatsanzire.

Ndipo inu akuluakulu amene mumakonza mapepala amenewa m'mahotela a kunyanja, musanasindikize ena, tikukupemphani mudzabwere m'mawa wina mudzatisonyeze mmene zimachitikira mu Sitandade 2. Kalasi tikupatsani yonse kwa mphindi 30. Makapu mubwere nawo.