Kankhalamba ka Ulusi: Chiyambi, Kalukidwe ndi Malamulo Ake m'Nyumba za ku Salima

Kankhalamba ka ulusi ndi chidole cholukidwa ndi singano ya ngowe chimene chayamba kupezeka pabalaza m'nyumba zina za ku Salima, kuyambira pa Kamuzu Road mpaka ku Senga Bay. Kutalika kwake sikupitirira chikhatho ndi theka. Kamavala chipewa chosongoka chophimba maso, moti pankhope pamangotsala mphuno yonenepa ndi ndevu zoyera zofika kumapazi. Makutu kalibe, pakamwa kalibenso, n'chifukwa chake eni nyumba ambiri amagwirizana nako kuposa alamu awo. Mwini wake akafunsidwa amati kamakongoletsa nyumba. Ntchito ina imene saitchula ndi yodziwitsa alendo kuti mayi wa pakhomopo ali ndi foni ya intaneti, ali ndi nthawi, ndipo anzake a pamzere sanafike pamene iye wafika.

Chiyambi chake

Kwawo kwa kankhalambaka ndi ku Germany. M'zaka za m'ma 1800 amisiri a m'tauni ya Gräfenroda, m'chigawo cha Thuringia, ankaumba tianthu totere ndi dothi, kutiwotcha, kutipaka utoto n'kumagulitsa kwa anthu okonda minda ya maluwa. Nthano za kumeneko zimati tianthu ta ndevuti timakhala pansi pa nthaka n'kumalondera chuma. Mu 1847 Sir Charles Isham anatengera 21 ku England n'kukatiimika m'munda wake ku Lamport Hall, ndipo kamodzi kokha ndiko katsala mpaka lero. Chionetsero chotchuka cha maluwa cha Chelsea Flower Show ku London chinatiletsa kwa zaka zambiri, n'kudzatilola mu 2013 pokondwerera kuti chionetserocho chakwanitsa zaka 100. Apa n'zoonekeratu kuti ngakhale kwa azungu komweko kankhalambaka kamayambanitsa anthu, ena akuti n'kokongola, ena akuti n'kachimidzi.

Luso loluka lokha si lachilendo kuno. Linafalikira kudzera m'mamishoni, m'masukulu ndi m'magulu a amayi a zapakhomo, ndipo m'nthawi ya Kamuzu bungwe la Chitukuko Cha Amayi m'Malawi, limene linayamba mu 1985, linkalimbikitsanso ntchito zamanja. Chipatso chachikulu cha maphunzirowa chinali madoyilo, amene anavundikira chilichonse chosayenda m'nyumba: sofa, tebulo, wayilesi ndi jagi ya madzi. Kankhalamba ndi mdzukulu wa madoyilowo. Sikanatsike sitima ya pamadzi ku Chipoka kapena kukwera njanji imene inafika ku Salima mu 1935. Kanalowera pa foni, m'mavidiyo a pa YouTube ndi Facebook ophunzitsa kalukidwe ka zidole kamene kanatchuka ku Japan.

Katafika kuno, nkhani yoima m'munda inathera pomwepo. Dzuwa la Okutobala limasukulutsa chipewa, mwera wa mu Juni ndi Julayi umadzaza mchenga m'ndevu, ndipo mbuzi za ku Salima zilibe mwambo wofunsa kaye ngati chinthu n'chodyedwa. Motero mlonda wa munda anakwezedwa pantchito n'kulowa pabalaza.

Zipangizo

Zofunika ndi zinayi: ulusi, singano, zoika m'mimba ndi cholemeretsa kumunsi. Ulusi umafunika wa chipewa (kawirikawiri wofiira), woyera wa ndevu, wotuwa wa mphuno ndi wina uliwonse wa malaya. Ngakhale Salima ndi boma lolima thonje, ulusiwu ndi wa pulasitiki wochokera kunja, ndipo umapezeka m'njira zitatu zimene zimagawanso oluka m'magulu atatu. Gulu loyamba limagula wa mpukutu m'sitolo, makamaka ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, ndipo limasiya kapepala ka sitoloko poonekera. Gulu lachiwiri limagula juzi pa kaunjika n'kuimasula usiku, makatani atatsekedwa. Gulu lachitatu limabwereka kwa aneba. Ulusi wobwereka ndiwo wodula kwambiri, chifukwa wobwereketsayo amakhala ndi ufulu wouza aliyense, mpaka chidolecho chidzathe, kuti ndevuzo ndi zake. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, gulu loyamba linachepa, lachitatu linakula, ndipo ndevu za tinkhalamba zinafupika.

Singano yoyenera ndi ya mamilimita 3 kapena kucheperapo pang'ono, kuti timfundo tithinane ndipo zam'mimba zisamasuzumire kunja. Amene alibe yogula amapita kwa wokonza njinga za kabaza, amene amanola sipoko n'kuipinda kunsonga. Zoika m'mimba zimachokera mu pilo wa abambo a m'nyumbamo, amene amazindikira patapita masiku kuti khosi likuwapweteka popanda chifukwa. Kumunsi kumaikidwa kathumba kolemera kuti chidole chiime chilili. Oyamba kumene amaikamo mpunga wa ku Lifuwu, ndipo pakatha miyezi ingapo anankafumbwe ndi makoswe amatsimikiza mawu a akuluakulu akuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Odziwa amagwiritsa ntchito mchenga wouma wa kunyanja, umene ndi waulere ndipo palibe chamoyo chimaudya.

Kalukidwe

Thupi limayambira pa kamphete ka timfundo 6. Mzere wachiwiri umakhala ndi timfundo 12, wachitatu 18, wachinayi 24, kumangowonjezera 6 pa mzere uliwonse mpaka pansi patambalala mokwanira. Kenako woluka amaleka kuwonjezera, khoma la thupi limakwera, ndipo chakumtunda amayamba kuchepetsa. Chipewa chimayambira kunsonga ndi timfundo tochepa n'kumakula pang'onopang'ono. Mphuno ndi kampira kosokereredwa m'munsi mwa chipewa, pamene ndevu ndi zidutswa za ulusi woyera zomangidwa chimodzichimodzi, n'kuzipesa ndi chipeso mpaka zitanyankhalala.

Vuto la ntchitoyi ndi kuwerenga. M'nyumba ya malata ku Salima simukhalika masana, choncho kuluka kumachitikira pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mango, ndipo pakhonde pamadutsa anthu. Mayi akafika pa kamfundo ka 17, wina amatulukira ndi beseni la usipa pamutu: "Mwaswera bwanji, asisi?" Moni wa pamzere sathera pa yankho limodzi. Amafunsa za ana, za abambo, za chifuwa cha agogo, za maliro a kwa Maganga ndi za mtengo wa makala. Wa usipa akamachoka, mayi uja sakudziwanso ngati anali pa 17 kapena pa 21. Woluka ali ndi njira ziwiri zokha. Akapanda kuyankha moni, chipewa chimawongoka koma dzina lake limapindika, pakuti pofika madzulo mzere wonse umakhala utamva kuti wayamba kudzimva. Akayankha, dzina limawongoka koma chipewa chimapindika. Ambiri amasankha dzina, n'chifukwa chake tinkhalamba ta ku Salima timavala zipewa zopendekera mbali imodzi.

Malo ake pabalaza

Malo aulemu woyamba ndi m'kabati ya magalasi, pakati pa mbale za paukwati zimene palibe anadyerapo ndi makapu odikira mlendo amene sanabadwe. Malo achiwiri ndi pafupi ndi TV, pamwamba pa doyilo. Ngakhale kamatchedwa chidole, mwana saloledwa kukagwira. Ana a m'nyumbamo amapitiriza kuumba ana awo a dothi ndi kubereka zitsononkho, kwinaku akukayang'ana kudzera pagalasi. Abambo amaloledwa funso limodzi, lakuti, "Kameneka katidyera zingati?" Yankho lovomerezeka ndi theka la mtengo weniweni.

Mtundu wa chipewa umasankhidwa mosamala. Chofiira m'nyumba ya wokonda Mighty Wanderers chimayambitsa mlandu, monganso chabuluu m'nyumba ya wa Big Bullets. Chisankho chikayandikira, chofiira, chabuluu, chachikasu ndi chaolenji zonse zimayamba kuwerengedwa ngati zovala za chipani, ndipo oluka ochenjera amathawira ku chakhofi.

Mwambo wa mlendo

Mlendo wolowa m'nyumba ya kankhalamba amatsata ndondomeko yodziwika. Sayenera kukaona asanapatsidwe moni, koma sayeneranso kutsanzika asanakaone. Nthawi yabwino ndi pamene wamwa madzi n'kubweza kapu. Apo amatembenuka ngati wangodzidzimuka n'kunena kuti, "Koma ndiye muli ndi manja, mayi!" Mwini nyumba amayenera kudzichepetsa: "Aaa, n'zongotayitsa nthawi izi," ngakhale anamasula chipewacho kangapo ndipo bandulo inatha pakati pa vidiyo. Mlendo amapitiriza kuti, "Mudzandilukireko kanga," ndipo mwini nyumba amati, "Musadandaule." Onse awiri amadziwa kuti palibe wapempha ndipo palibe walonjeza.

Chigamulo chenicheni chimaperekedwa mawa lake pa mjigo. Kumeneko kumadziwika kuti mphuno ndi yaikulu mopitirira, kuti ulusi wa malaya ndi wa juzi ija inali pa kaunjika Loweruka, ndiponso kuti munthu amene ali ndi ngongole ku banki mkhonde sayenera kuluka zidole. Pasanathe mwezi, woweruza wamkulu wa pa mjigopo amakhala ataluka kake, kotalikirapo. Wachitatu amaluka kankhalamba ndi mkazi wake. Wachinayi amawonjezera ana, mpaka m'kabati mumakhala banja lalikulu kuposa la eni nyumba.

Zokayikitsa

Chiopsezo chachikulu kwa kankhalamba ndi mlendo wochokera kumudzi. Apongozi akalowa pabalaza amakayang'ana nthawi yaitali osanena kanthu, kenako amafunsa motsitsa mawu: "Kodi kameneka kamadya chiyani?" Funsoli lili ndi mizu. M'dziko limene anthu anakula akumva za Akafula, anthu aafupi aja ofunsa kuti mwandionera pati, komanso za ndondocha zosungidwa kuchipinda kuti zizibweretsa chuma, kamunthu ka ndevu kopanda pakamwa sikangalowe m'nyumba popanda kufotokozedwa. Kuuza apongozi kuti kwa azungu nako kamalondera chuma kumangoipitsa zinthu.

Nkhani imakula zikachitika kuti mwezi womwewo abambo agula injini ya boti kapena akhoma malata atsopano. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, choncho palibe amene amatchula. Anthu amangoti, "Ife tikungoona," ndipo ana a aneba amaleka kubwera kudzaonera TV.

Njira zodzitetezera zilipo zitatu. Yoyamba ndi kulukira poyera, kuti pakhale mboni zimene zinakaona kakadali mpukutu. Yachiwiri ndi kupita nako ku msonkhano wa amayi a Chigwirizano n'kuphunzitsako awiri kapena atatu, pakuti chinthu chimene ambiri ali nacho chimaleka kukhala chizimba. Yachitatu, imene siilephera, ndi kulukira kamodzi mayi busa. Kakangoima pabalaza la kunyumba ya abusa, tinkhalamba tonse ta mumpingo timayeretsedwa tsiku lomwelo.

Malonda

Woluka aliyense amafika poganiza kuti luso lake ndi bizinesi. Msika woyamba umene amauganizira ndi wa alendo odzaona nyanja ku Senga Bay, kumene osema ziboliboli akhala akugulitsa mvuu, njovu ndi mipando ya mafumu kwa zaka zambiri. Koma mzungu amene wauluka ulendo wautali kudzaona Nyanja ya Malawi sakhala ndi chidwi chogula kamunthu kamene anakasiya m'munda wa agogo ake. Oluka ena athetsa vutoli pokamangirira kachitenje m'chiuno ndi kukagwiritsa chambo m'manja, ndipo kakatero kamagulidwa monga chikhalidwe chathu.

Msika wachiwiri ndi wa anzake a pamzere, ndipo umayendera mawu akuti "ndikupatsani kumapeto kwa mwezi", popanda kutchula mwezi wake. Kufunsa ndalamayo kawiri ndi kusowa ulemu, kufunsa katatu ndi kuthetsa chinansi. Msika wachitatu ndi wa mphatso za pa chilangizo cha mkwatibwi ndi paukwati. Apa kankhalamba kamodzi kamatha kuyenda maukwati angapo, kakungosinthidwa pepala lokulungira, mpaka tsiku lina kamabwerera kwa amene anakaluka. Mwambo umafuna kuti iye alulutire, avine n'kuthokoza ngati sakukadziwa.

Ukalamba ndi mathero ake

Moyo wa kankhalamba umatsika ndi masitepe. Fumbi likasandutsa ndevu kukhala zakhofi, kamachapidwa, ndipo kakachapidwa mchenga wa m'kati umanyowa, thupi limafwamphuka, chipewa chofiira n'kudontheza mtundu wake m'ndevu. Apo kamachotsedwa m'kabati n'kuikidwa pamwamba pa filiji. Kuchoka pa filiji kamapita pawindo, kuchoka pawindo kamaperekedwa kwa ana, amene pofika nthawiyo akula ndipo akufuna foni. Ntchito yake yomaliza ndi kutchinga chitseko kuti chisamenyetseke ndi mwera.

Kutaya sikuloledwa, chifukwa ulusi uli ndi mtengo. Mchenga umakhuthulidwa pabwalo, zam'mimba zimabwezedwa mu pilo wa abambo, ndipo ulusi umamasulidwa, kuviikidwa m'madzi ofunda kuti uwongoke, n'kukulungidwanso. Woyera, ngati unali wobwereka, umabwezedwa kwa mwini wake pamaso pa mboni. Wotsalawo umalukidwa chipewa ndi masokosi a khanda, pakuti lamulo la azamba ndi apongozi limati mwana wakhanda avale chipewa cha ulusi nthawi zonse, ngakhale masana a Okutobala pa Kamuzu Road, pamene phula likusungunuka ndipo akabaza abisala pansi pa mitengo.