Ichi Chakoma, Ichi Chakoma: Pusi Wapita Kukagula Siwichi

Makolo athu anali ndi chifundo pamene ankapeka mwambi uja wakuti ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Anamupatsa pusiyo mtengo umodzi, zipatso zowerengeka, ndi dothi loti agwerepo kamodzi kokha, adzuke, asase fumbi. Akanadziwa za masiku ano, akanamukweza minibasi pano pa Kafue, ayende makilomita pafupifupi 45 mpaka ku Lusaka, atsike pafupi ndi Katondo Street, akagule kabokosi kogawira intaneti mu ofesi. Kumeneko munthu amagwa ali ndi risiti m'manja, ndipo msana umayamba kuwawa patapita mwezi.

Kabokosiko ndi siwichi. Ntchito yake ndi yaing'ono. Rauta imene mumalandira kwa a Zamtel, Airtel, MTN kapena Liquid imakhala ndi mapoti ochepa kumbuyo, kawirikawiri osapitirira 4. Ya Starlink, yomwe inayamba kugwira ntchito mu Zambia mu Okutobala 2023, ndiye youmira kwambiri: ina ilibe ngakhale poti limodzi mpaka mugule adaputa, yatsopano ili ndi 2. Mukakhala ndi makompyuta, pulinta ndi makamera, mapotiwo amatha. Siwichi imawonjezera mapoti, basi. Ilipo ya unmanaged, imene mumangolumikiza zingwe n'kuiiwala mpaka kalekale. Ilipo ya managed, yokhala ndi tsamba lake lolowapo ndi pasiwedi kuti muiuze zochita. Pakati pake pali zotchedwa smart, zimene zimamva malamulo ochepa pa mtengo wotsikirapo.

Alamu anga ali ndi kashopu ka fotokope, kutayipa ndi kupulinta cha ku Estates. Katundu wawo yense wofuna chingwe ndi makompyuta 2, pulinta, makamera 2 ndi kachipangizo kamodzi ka Wi-Fi. Werengani nokha: 6, kuwonjezera chingwe chopita ku rauta, 7. Siwichi ya mapoti 5 sikanakwana, ndipo pamenepa ndi pamene ambiri amapunthwa, poiwala kuti poti limodzi ndi la rauta ndipo enu ndi 4 okha. Ya mapoti 8 inali yokwanira, n'kutsalako limodzi la mlendo. Anachoka pakhomo akudziwa zimenezi. Anazilemba ngakhale pa kapepala.

Koma wogulitsa wa ku tauni sawerenga kapepala ka munthu. Amayang'ana nsapato ndi foni.

"Abwana, ya 8 ndi ya ana asukulu. Nanga bizinesi ikakula mawa?"

Palibe munthu wamalonda amene angayankhe kuti bizinesi yake sidzakula. Ichi chakoma. Anakwera pa 16. Kenako wogulitsa anatulutsa pansi pa kauntala ya mapoti 24, yogwirapo kale ntchito mu ofesi ina yaikulu, yolemera, yotambalala mainchesi 19, pa mtengo wooneka ngati wakuba. Ichinso chakoma. Chimene sananene n'chakuti zazikuluzikuluzi zili ndi mafani amene amalira usana ndi usiku, akumakoka fumbi lonse la Okutobala kulowetsa m'kati. Zinapangidwira chipinda chotseka chozizira, momwe mulibe kasitomala wofuna kufotokoza kuti kalata yake ya ntchito itayipidwe bwanji. Tsopano m'shopu mwa alamu aliyense amalankhula mokweza, ndipo odutsa panja amaganiza kuti mukukanganirana chenji.

Chipatso china ndi liwiro. Pa bokosi pamalembedwa 2.5G, pena 10G, ndipo mtima umadumpha. Koma siwichi siwonjezera kalikonse pa intaneti imene mukulipira. Ngati kampani ikukupatsani 20 Mbps, mudzalandira 20 yomweyo ngakhale siwichi yanu itakhala yothamanga chotani. Gigabit, yomwe ndi 1000 Mbps, yakhala ikuyenda pa zingwe wamba za kopa kuyambira 1999 ndipo ofesi yaing'ono siingaimalize. Chongosamala n'chakuti musapatsidwe yakalekale ya 10/100, chifukwa zimenezo zikadali m'mashelefu, zikudikira munthu wofulumira.

Tisaunamizire mwambiwu: sunati pusi agone ndi njala. Mumtengomu muli zipatso zokomadi, ndipo choyamba ndi VLAN, njira imene inakhazikitsidwa mu 1998 pa dzina la 802.1Q. Imagawa siwichi imodzi kukhala magulu osaonana. Kasitomala amene mwamupatsa Wi-Fi podikira mapepala ake sangafike pa kompyuta yosunga mawerengero, kapena kusuzumira makamera. Kwa wamalonda wolembetsa VAT, amene kuyambira Julayi 2024 a ZRA amafuna kuti ma-invoisi ake adzere pa Smart Invoice, kupatula kompyuta ya pa kauntala si kunyada ayi. Ndipo tonse tikudziwa kuti pasiwedi ya Wi-Fi ukauza munthu mmodzi m'mawa, madzulo imakhala itafika ku Shikoswe ndi ku Zambia Compound, anyamata atatsamira khoma la kuseri kuonera mpira.

Vuto n'lakuti chipatso chimenechi chili kunsonga ya nthambi. VLAN siyenda yokha. Rauta nayo iyenera kuidziwa, kachipangizo ka Wi-Fi nakonso, ndipo marauta ambiri obwera ndi bandulo sadziwa n'komwe kuti chinthu chotero chiliko. Ndiye mugulenso rauta ina, mwina MikroTik ya ku Latvia, yomwe ndi yabwino koma tsamba lake limaoneka ngati linalembedwera anthu amene sagona. Dzanja lamanja lagwira siwichi, lamanzere rauta, mchira ukufunafuna pogwira.

Chokoma china chenicheni ndi kuteteza lupu. Munthu wosesa akaona chingwe chikulendewera, amachichitira chifundo n'kuchilowetsa m'poti lopanda kanthu, osadziwa kuti mbali inayo ili m'siwichi yomweyo. Mauthenga amayamba kuzungulira osatha, timagetsi tonse tikuphethira limodzi, ofesi yonse zii. Mayi wina wa ku America, Radia Perlman, anapeza mankhwala ake mu 1985, otchedwa Spanning Tree, ndipo ngakhale tisiwichi tating'ono ta smart tili ndi njira yozindikirira lupu n'kutseka potilo. Tsamba lomwelo limakuonetsaninso poti limene likuyenda pa 100 m'malo mwa 1000, kutanthauza kuti chingwe chake chaphwanyika penapake, mwina pamene munachipanikiza ndi chitseko.

PoE nayo imakopa: magetsi ndi mauthenga kudzera m'chingwe chimodzi, kamera osafunanso soketi yake. Muyezo wa 2003 umapereka mawati 15.4 pa poti, wa 2009 umafika 30. Koma werengani timalemba tating'onoting'ono. Pa siwichi zambiri za mapoti 8, ndi 4 okha amene ali ndi PoE, ndipo onsewo amagawana mawati oikidwiratu. Chingwe chisapitirire mamita 100, ndipo chikhale cha kopa weniweni. Pali china chotchipa cholembedwa CCA, chomwe ndi aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba, ndipo chimatentha n'kutaya mphamvu panjira. Dziko lokumba kopa ngati lathuli kugulitsidwa aluminiyamu wovala jekete la kopa, nkhani imeneyo ndiisiyire ena.

Mawati onsewa amachokera kuti? Apa ndiye pali nthabwala ya tauni yathu. Mtsinje wa Kafue umadutsa pakhomo pathu penipeni, pansi pa mlatho wa sitima wa 1906, n'kukatembenuza makina ku Kafue Gorge. Siteshoni yatsopano ya Kafue Gorge Lower, ya mamegawati 750, inamalizidwa mu 2023. Chaka chotsatira chilala chinachepetsa kwambiri madzi m'damu la Kariba, ndipo pofika Seputembala 2024 makomo ambiri ankaona malaiti maola ngati 3 okha pa tsiku. Kuyambira pamenepo aliyense wokhala ndi invata anaphunzira masamu amene anawathawa kusukulu. Siwichi yaing'ono ya mapoti 8 yopanda fani imadya mawati osafika 5. Chilombo cha alamu chimadya kangapo kuposa pamenepo chisanatumize ngakhale kalata imodzi, ndipo mabatire amene ankafikitsa shopu madzulo tsopano amatopa nthawi ya nsima.

Ndiye pali batani la Save. Pa siwichi zambiri za managed, ukasintha zinthu n'kudina Apply, zimagwira ntchito bwinobwino, koma zili m'mutu mokha. Malaiti akapita, zonse zapita. Mwana wa mlongo wawo wa alamu anakhala Loweruka lonse akukonza ma-VLAN, anadya vitumbuwa vya pa kauntala, anayamikiridwa, anapita. Lolemba m'mawa siwichi inadzuka yosadziwa aliyense.

Anabweranso, anakonza, ulendo uno anasunga, anasinthanso pasiwedi ija ya admin imene zipangizo zambiri zimabadwa nayo. Anachita bwino. Kenako anakwera basi kupita ku Copperbelt University ku Kitwe, pasiwedi ili m'mutu mwake.

"Mphwanga, pasiwedi ija n'chiyani?"

"Amalume, yesani dzina la galu uja ndi chaka chimene ndinabadwa."

Agalu pakhomopo akhalapo atatu. Njira yotsala ndi kabowo ka Reset kobayidwa ndi pini, kamene kamafufuta zonse n'kukubwezerani pa Loweruka lija. Wogulitsa aliyense amakuuzani kuti siwichi ndi managed. Palibe amene amafunsa kuti woiyang'anirayo ndani, ndipo adzakhala ali kuti mu Janyuwale mphezi ikadzaomba.

Mukandifunsa ine, pakhomo pokhala ndi TV, kompyuta imodzi ndi kabokosi ka magemu, gulani unmanaged, ndalama yotsalayo mukagule nsomba kumtsinje. Pa ofesi yokhala ndi makasitomala ndi makamera, tengani ya mapoti 8, gigabit, ya chitsulo, yopanda fani, yokhala ndi VLAN, ndiponso yolowera pa tsamba lake lomwe popanda kudalira akaunti ya kutali. TP-Link TL-SG108E, Netgear GS308E ndi Zyxel GS1200-8 zonse ndi za mtundu umenewu. Ubiquiti Flex Mini ndi kokongola, kamakwana m'thumba la shati, koma kali ndi mapoti 5 ndipo kamafuna pulogalamu ya UniFi kuti mukalamule. Pasiwedi ilembedwe m'buku limene limasungidwa ndi mayi a pakhomo, ndipo pakati pa soketi ndi zipangizo pakhale choteteza ku mphezi.

Alamu ndinawauza zonsezi. Anamvetsera mwaulemu, akugwedeza mutu, mafani akulira kumbuyo kwawo. Kenako ananditengera pambali n'kundionetsa pa foni kabati yachitsulo yokhala ndi chitseko chagalasi, yoti siwichi izikhalamo phokoso lichepe. Kabatiyo ili ndi mafani akeake 2. Akuti angoyembekeza achemwali anga apite kumsika, chifukwa achemwaliwo analanda PIN ya mobile money ya shopu sabata yatha.