Wopusa Adaomba Ng'oma, Nanga Akapanda Kubwera?

Akuluakulu adati wopusa adaomba ng'oma, wochenjera navina. Mwambiwu timaukonda chifukwa aliyense akaumva amadziika kumbali ya wovinayo. Yendani pa Nambuma pano, kuchokera kumishoni mpaka kumsika, simupeza munthu wodziguguda pachifuwa n'kunena kuti wang'oma uja ndine. Tonse ndife ovina. Tsono mganda umveka bwanji mudzi wonse utavala zoyera, badza m'manja, ng'oma ili gone pansi pa mtengo wa mango?

Anthu a ku America sadaumvepo mwambiwu, koma adauika m'njuga yawo. Masewera ake ndi poker, mtundu wotchedwa Texas hold'em, umene akatswiri amakalimbirana ku Las Vegas kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Aliyense amalandira makadi awiri obisa. Pakati pa tebulo amatembenuzapo ena asanu, a onse: atatu poyamba, kenako limodzi, kenako lomaliza, ndipo khadi lisanatembenuzidwe anthu amayamba abetcha, lomaliza likatuluka n'kubetchanso. Pali kaseweredwe kena kotchedwa limit, komwe matama alibe malo. Mukagwirizana K1,000 ndi K2,000, magawo awiri oyamba mumaponya K1,000, awiri otsiriza K2,000, ndipo wofuna kukweza amaonjeza yomweyo basi. Ngakhale mwangotsika kumene kuchokera ku okushoni ku Kanengo, simungaopseze anzanu pokhuthula chikwama chonse patebulo.

Nkhani ili apa. Makadi akukomerani, ndipo woyamba kulankhula ndinu. Mutha kuponya ndalama yanu, anzanu n'kutsatira kapena kuthawa. Apo ng'oma mwaomba nokha. Apo ayi, mutha kugogoda tebulo ndi chala, kusonyeza kuti ine zanga zada, pitirirani. Nkhope muiike ngati ya mlimi amene belo lake labwezedwa. Aphiri, amene akhala kumapeto, aona kuti onse afooka, aponya K2,000 yawo akumwetulira. Mwayi wolankhula ukabwerera kwa inu, mukhosomola pang'ono n'kuti, "Pepanitu Aphiri, ikhale K4,000." Akatswiri amati check-raise. Aphiri aomba, inu mwavina. M'malo ena otchovera njuga ankaletsa zimenezi, ati n'kupanda ulemu. Kulanda munthu ndalama ukumuyang'ana m'maso ndiye kudali ulemu, kaya.

Chimene akuluakulu sadatiuze n'chakuti wopusa naye amadwala, amapita kumaliro, nthawi zina amachenjera. Mwagogoda inu, Abanda agogoda, Aphiri nawo, mwina atakumbukira ngongole ya kubanki m'khonde, agogodanso. Khadi lomaliza litembenuzidwa popanda wolipira ndi tambala yomwe. Abandawo adali ndi makadi anayi a mitima, akudikira lachisanu kuti apambane. Mwa makadi 46 amene iwo sadawaone, 9 ndi mitima, ndiye kuti pafupifupi kamodzi pa maulendo asanu mtimawo umabwera. Mukadaponya, akadalipira kuti alione khadilo, ndipo maulendo anayi enawo ndalamayo ikadakhala yanu. A makadi ofooka akadathawiratu. Tsopano onse aliona ulere, ndipo mtima ukatuluka, ndalama zonse za pakati zapita kwa Abanda. Inu mutsala ndi nkhope ija, koma tsopano si yongopanganso.

Taonani kuchepa kwa phindu. Wochenjerayu ankasaka K2,000 yoonjezera, naika pachiswe mulu wonse. N'chifukwa chake odziwa masewerawa sayamba ndi kusirira makadi awo. Amayamba afunsa kuti wang'oma alipo pano, ndipo wakhala pati? Akakhala kudzanja lanu lamanja, aponya iye, inu mukweza pomwepo, otsalawo apeza K4,000 ikuwadikira, athawa. Akakhala kumanzere, aponya, ena onse atsatira, inu mukweza onse atalowa kale, ndipo alipiranso akung'ung'udza. Zonsezi zimatheka pokhapokha mukumudziwa munthuyo kuti dzanja limamuyabwa, sangaone tebulo lili zii osaponyapo kanthu.

Kwathu kuno poker sitisewera kwenikweni, tili ndi bawo ndi kandege ka pafoni, koma kugogoda tebulo ndiye tidakutha. Pitani pamene akugulitsa mbuzi.

"Tchulani mtengo, achimwene, mbuzi ndi yanu."

"Iyayi bambo, nenani inuyo, mwatenga zingati?"

"Ine ndingotchula bwanji pa chiweto cha eni?"

Mwini mbuzi akufuna wogula atchule kuti iye akweze. Wogula akufuna mwini atchule kuti iye atsitse. Dzuwa lipendeka, mbuzi yatha kudya chingwe chake ndipo yayambapo thumba la wogula, awiriwo akadali kulemekezana.

Ku botolo sitolo ndi chimodzimodzi. Amuna anayi akhala pabenchi, aliyense foni m'manja, akuwerenga mauthenga a chaka chatha mwachidwi, kudikira amene aitanitse koyamba. Wina akangolakwitsa n'kuti "tipatseni anayi," pomwepo mumva, "Achimwene, ine yaing'onoyi imandipweteka m'mimba, andipatse yaikulu." Ameneyu ku Las Vegas angamulandire ndi manja awiri.

Omvetsa chisoni ndi anyamata. Mnyamata wamuona mtsikana kutchalitchi, nambala wapeza, koma akuti ndikayamba ndine andiyesa wophweka, ayambe iyeyo. Agogoda mwezi woyamba, agogoda wachiwiri. Wachitatu kutulukira mnyamata wina wochokera ku Joni, wa njinga yamoto yake, amene za check-raise sazidziwa. Iye angopita kwa malume a mtsikanayo n'kunena chimene wabwerera. Wochenjera uja adzavina ndithu, koma pachinkhoswe cha mnzake, ndiponso adzaponya ndalama m'lichero.

Mu 2015 akatswiri a pa University of Alberta ku Canada adalengeza kuti pulogalamu yawo ya pakompyuta, Cepheus, yafika poti munthu sangaigonjetse pa limit hold'em ya anthu awiri, ngakhale atasewera nayo moyo wake wonse. Idaphunzira posewera yokhayokha kwa miyezi iwiri. Mwa zimene idatulukira, china n'chakuti ndi makadi omwewo, lero imaponya, mawa imagogoda, kuti mdani asaizolowere. Ngakhale makinawa adavomereza kuti nthawi zina mwini makadi abwino ayenera kuomba yekha. Ife a Nambuma tidaposa kompyuta: timagogoda tsiku lililonse.

Umboni wake uli pagulu lathu la WhatsApp lokonzetsa mjigo. Mjigo udafa, msungichuma adalemba kuti tisonkhe, adaika ndi nambala yotumizira. Mayankho adabwera ambiri. Wina adatumiza chala chachikulu, wina manja opemphera, wina adati "nkhani yabwino kwambiri imeneyi, tisaigonere." Aliyense akudikira bwana wina wa ku Lilongwe aponye kaye, kuti ife tidzanene kuti bwana, poti mwayamba, ingomalizani. Bwanayo naye ndi mwana wa konkuno, mwambi uja amaudziwa. Amayi akutungabe kudambo.

Abale anga a pagulupo, wang'oma sabwera. Nambala ya msungichuma ikadali yomwe ija, ndipo K2,000 amalandira.