Khanda la ku Dublin ndi Mbuzi ya aNaphiri

Agogo: Iwe, madzi aphwera mumphika, ufa sunathire. Ukusisima chiyani? M'bukumo mwagwa maliro?

Mdzukulu: Agwadi agogo. Ndi buku la Maeve Binchy, mayi wa ku Ireland. Dzina lake Minding Frankie, linatuluka mu 2010. Mwiniwakeyo anamwalira mu 2012.

Agogo: Ndiye chipepeso chake ukupereka lero?

Mdzukulu: Ayi, ndikulira Stella. Khansa yamugwira ali woyembekezera. Asanatsikire kulichete, wauza Noel kuti mimbayo ndi yake. Koma Noel ndi chidakwa.

Agogo: Wavomera?

Mdzukulu: Wavomera.

Agogo: Ee, mowa wa azungu ndi waulemu. Wa kuno munthu amakana ndi mwana wofanana naye mphuno. Nanga akuchikazi? Atsibweni ake a khandalo ali kuti?

Mdzukulu: Palibe amene akuoneka. Akumulera ndi anthu oyandikana nawo nyumba mumzinda wa Dublin. Agawana nthawi: uyu mmawa, uyu masana. Wowatsogolera ndi Emily, wachibale wa Noel wochokera ku America.

Agogo: Mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Makolo a chidakwacho akutani?

Mdzukulu: Amathandiza ndithu, komabe mtima wawo uli pa kusonkhetsa ndalama zoti aimike chosema cha Jarlath Woyera.

Agogo: Mdzukulu alibe matewera, iwo akufuna mwala! Pitiriza.

Mdzukulu: Ndiye pali Moira, wa boma woona za ana. Akuzonda Noel kuti akangolawanso mowa amulande mwanayo. Ndi woipa mtima.

Agogo: Woipa? Ameneyo ndiye yekha wanzeru. Khanda ungasiyire munthu wosadziwa pomwe wavula nsapato?

Mdzukulu: Simukumvetsa agogo. Kuyunivesite tinaphunzira kuti mabuku otere amaonetsa anthu a zilonda zawozawo akuchirikizana. Ndi uthenga wozama.

Agogo: Wozama ngati chithaphwi. Woyandikana nawe ku Area 25 dzina lake ndani?

Mdzukulu: Ndi... amene ali ndi galimoto yofiira.

Agogo: Dzina lokongola. Tatenga mbale iyo, uthiremo ufa, uwonjezere usipa, ukasiye kwa aNaphiri. Mwendo wawatupanso, sanayatse moto chiyambire dzulo.

Mdzukulu: ANaphiri? Si omwe simuyankhulana nawo chifukwa cha mbuzi inadya chinangwa chanu?

Agogo: Omwewo. Zaka zisanu ndi ziwiri tsopano, ndipo sindinakhululuke.

Mdzukulu: Nanga ufawu?

Agogo: Akafa ndi njala andilipira ndani chinangwa changa? Ukawauze kuti ufawu wachokera kumpingo.

Mdzukulu: Mbale aizindikira.

Agogo: Aizindikire, ndi yawo. Anatumizira phala m'menemo chaka chatha nditagona ndi malungo, ati lachokera kumpingo. Thamanga. Bukulo usapite nalo, ukabwera undiwerengere. Ndikufuna ndimve ngati Moira wagwira chidakwacho.